Musanapopere Sitiroberi, Dziwani Kaye Akukudyeraniyo Ndani

Achinyamata ambiri amene akuyamba kulima sitiroberi masiku ano amabwera ndi funso limodzi lokha: ndigule mankhwala anji? Amafunsa chimodzimodzi mwana wa sukulu amene wadzala m'matumba kuseri kwa nyumba ku Lilongwe ndi mnyamata wa dimba la m'mphepete mwa phiri la Zomba amene akufuna kukaima ndi mbale yake pamsewu wokwera ku Chawe. Ana anga, funso limenelo lisakhale loyamba. Yambani mwafunsa kuti akukudyeraniyo ndani, amabwera nthawi yanji, nanga amadzera pati. Mukayankha zimenezi, ndalama zambiri zimene mukanasiya kusitolo ya mankhwala zidzatsala m'thumba, ndipo chipatso chanu mudzachipereka kwa mwana mtima uli m'malo.

Sitiroberi ndi mbewu yosiyana ndi zimene tinazolowera. Nthochi timasenda, chimanga timakonola, repu ndi mpiru timaphika. Sitiroberi alibe khoko, sapita pamoto, amachoka m'dimba n'kulowa m'kamwa. Sapsa tsiku limodzi ayi. Akayamba kubereka mumathyola masiku awiri kapena atatu alionse kwa miyezi ingapo, uku maluwa ena akutuluka kumene. Chipatso chakenso chimagona pansi, pamene pamadutsa chilichonse chokwawa. Mbewuyi si yakwathu. Inayambira ku France m'zaka za m'ma 1700, pamene mtundu wochokera ku Chile unakwatirana ndi wina wochokera ku North America, ndipo kuno imachita bwino m'malo okwera ndi ozizira monga Zomba, Dedza ndi Bvumbwe. Kufiira, kufewa ndi fungo zimene zimaimitsa galimoto ya wogula ndi zomwezo zimene zimaitana mbalame, nkhono ndi makoswe. Simungachotse zokopazo. Chimene mungathe ndi kutseka njira.

Wakuba aliyense m'dimba amasiya chizindikiro chake, ndipo ntchito yanu yoyamba ndi kuphunzira kuchiwerenga. Tolani chipatso chowonongekacho, muchitembenuze m'manja. Bala likakhala pamwamba, kumbali yofiira imene yaonekera poyera, lobaya ndi losongoka mkati, ameneyo ndi pumbwa kapena mbalame inzake. Pumbwa samaliza chipatso. Amajompha apa kawiri, n'kudumphira pa china, ndiye m'mawa umodzi akhoza kukuipitsirani mzere wonse. Mukapeza dzenje lozungulira, losalala m'mbali, kawirikawiri kunsi kwa chipatso, n'kuona kanjira kowala kouma pamasamba kapena pa udzu, zimenezo ndi nkhono, zachigoba kapena zopanda chigoba zomwe. Bongololo mumamupeza atadzipinda m'dzenje kumbali imene yagona padothi lonyowa, ndipo nthawi zambiri amalowa pamene wina anatsegula kale. Khoswe ndi mbewa amasiya timizere ta mano, amadula zipatso ngakhale zosapsa n'kuziunjika pansi pa masamba, ndipo nthawi zina amangokokota njere zapakhungu n'kusiya mnofu. Nkhuku sibisa ntchito yake: imafukula udzu wonse n'kusiya mizu pamtunda. Nyerere anthu amazinamizira kwambiri chifukwa ndi zimene amazipeza pabala dzuwa litakwera, koma izo zimangobwera kudzanyambita pamene wina waboola.

Theka la akubawa amagwira ntchito inu muli m'tulo. Choncho tengani tochi, kapena foni yomweyo, mupite kudimba kutangoda, makamaka tsiku limene mwathirira kapena kwagwa chiperoni. Mukhale pansi, mutukule masamba limodzi ndi limodzi, musathamange. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Usiku umodzi wotere umakuphunzitsani zambiri kuposa mwezi wathunthu woyendera dimba masana.

Tiyambe ndi mbalame, poti ndizo zimakhumudwitsa msanga. Zoopsezera zonse zimene mukuzidziwa, chidole chovekedwa malaya, timapepala ta pulasitiki pa chingwe, ma CD akale olendewera, zitini zogundana, zimagwira ntchito masiku owerengeka basi. Mbalame ikaona kuti chinthucho sichichoka pamalo, imatera pamwamba pake. Ngati mukuzigwiritsa ntchito, muzizisuntha pafupipafupi, ndipo muziike pokhapokha zipatso zikayamba kuyera kupita kofiira, osati mwezi wathunthu zisanapse. Koma chotchinga chenicheni ndi ukonde.

Ndikudziwa chimene chabwera m'maganizo mwanu: neti ya udzudzu. Chonde musatero. Neti imeneyo inaperekedwa kuti mwana asadwale malungo, ndipo palibe mbale ya sitiroberi imene ingalipire mwana wogonekedwa m'chipatala. Ngakhale neti yakale yong'ambika si yabwino, chifukwa ulusi wake unanyikidwa m'mankhwala opha tizilombo, ndipo mame ndi madzi othirira amadutsa pa ulusiwo n'kudonthera pachipatso. Chifukwa china n'chimene ambiri sachidziwa, ndipo chimawadyera phindu mwakachetechete. Maso a neti ya udzudzu ndi ang'onoang'ono moti njuchi sizingalowe. Yang'anani tinjere tapakhungu la sitiroberi. Pa chipatso chimodzi chabwino timakhalapo pafupifupi 200, ndipo kanjere kalikonse kamachokera ku kachiwalo kakekake ka duwa, kamene kamafunika kulandira mungu pakokha. Pamene mungu wafika, mnofu umafufuma. Pamene sunafike, pamakhala pofota ndi polimba. Mphepo imathandizako pang'ono, koma njuchi ikamazungulira paduwa ndi imene imafikitsa mungu ponseponse. Mukatsekera njuchi kunja mumakolola zipatso zazing'ono, zopindika, zamphuno yolimba, kenako n'kumadandaula kuti mbewu inali yoipa kapena feteleza anachepa.

Ukonde woyenera ndi wa maso a pafupifupi masentimita 2, oti njuchi ilowe koma pumbwa alephere. Pindani nsungwi zong'amba pamwamba pa bedi kuti ukonde ukhale m'mwamba, usagone pamasamba, chifukwa mbalame imatera pa ukonde wogona n'kujompha kudzera m'maso mwake. Muukoke ulimbe, m'mbali muupsinje ndi njerwa kapena muukwirire. Mbalame zambiri sizilowera pamwamba, zimayenda pansi n'kupeza pamene mwasiya mpata. Ukonde wolobodoka, makamaka wa ulusi wopyapyala wosaoneka bwino, umakola mbalame, abuluzi ndi njoka, ndipo kumasula njoka yamoyo mu ukonde m'mawa si ntchito imene ndingafunire mwana wa munthu. Amene angakwanitse akhome mafelemu a matabwa kapena nsungwi n'kukokapo waya wa khola la nkhuku. Poyamba zimadula, koma zimakhala zaka, ndipo zimatsekereza nkhuku zomwe. Ngati muli ndi ukonde wa mthunzi wa maso ang'ono okha, muzitsegula m'mbali dzuwa likatentha, nthawi imene njuchi zikuyenda, muli pomwepo, n'kutsekanso mukamachoka.

Inu a m'mphepete mwa nkhalango, apusi ndi anyani sawopa ukonde wongoyala. Amautukula ndi manja. Pamafunika felemu yomangirira ndi waya, galu, ndi munthu woonekera nthawi ya m'mawa ndi chakumadzulo. Ndibwino madimba oyandikana agwirizane kulondera mosinthana. Poizoni musayese. Amapha galu wanu, nkhuku za mnzanu, ndi nyama zimene sizinakulakwireni.

Tsopano pansi. Chipatso chikakhudza dothi lonyowa chayamba kale kuwonongeka, choncho muyale udzu wouma wopanda njere, masamba a paini ngati muli pafupi ndi nkhalango ya paini monga ku Zomba ndi Dedza, kapena mankhusu a mpunga. Kuchindikala kwa zala zitatu n'kokwanira. Mulowetse dzanja pansi pa tsango lililonse la zipatso kuti ligone pa udzu, koma pamtima pa mbewu, pamene pamatulukira masamba atsopano, musiye poyera kuti pasaole. Mapesi a chimanga ndi zinyalala zokhuthala zimaitana chiswe, ndiye zisiyeni ku kompositi. Komatu walira mvula walira matope. Udzu womwewo umene ukuteteza chipatso ndi nyumba yabwino ya nkhono ndi bongololo ukakhala wonyowa usiku wonse. Yankho lake lili pa nthawi yothirira. Thirirani m'mawa, kheni itatsika pansi patsinde, osati kumwaza pamwamba pa maluwa ndi zipatso, kuti pofika madzulo pamwamba pa udzu pakhale pouma. Ambiri amathirira madzulo chifukwa ndiyo nthawi imene abwera kusukulu kapena kuntchito, koma pa sitiroberi ndibwino kudzuka msanga.

Nkhono zimagonja kwa munthu wakhama. Muzitola usiku m'chitini, mukapatse abakha ngati alipo, kapena muziponye m'madzi a sopo. Ikani thabwa lakale, chiguduli chonyowa kapena tsamba la kabichi pakati pa mabedi. Kukacha zimakabisala pansi pake, inu n'kungotembenuza n'kusonkhanitsa. Masese a mowa nawonso amazikoka ndi fungo lake. Thirani pang'ono m'kachitini, mukwirire kachitiniko koma mlomo wake utsale pamtunda pang'ono kuti tizikumbu tothandiza tisagweremo, ndipo muzisintha pakapita masiku awiri kapena atatu. Phulusa lozunguliza bedi limathandiza likakhala louma lokha. Likanyowa latha ntchito, ndipo mukamawonjezera tsiku ndi tsiku mumasintha dothi, pamene sitiroberi amakonda dothi lowawasa pang'ono. Mchere musathire padothi ngakhale pang'ono. Umapha nkhono, inde, koma sitiroberi ndi imodzi mwa mbewu zosapirira mchere. Timibulu tobiriwira topha nkhono tokhala ndi metaldehyde timapha agalu ndi nkhuku zikatidya, ndipo ku Britain analetsa kutigwiritsa ntchito m'minda kuyambira 2022. M'dimba la pakhomo, pamene pamasewera ana, ine sindingatiike.

Achule, abuluzi, nanzikambe ndi chiswamphika mukawapeza m'mabedi asiyeni. Akugwira ganyu yosalipidwa.

Makoswe ndi mbewa amafuna pobisala, ndiye lambulani tchire, milu ya njerwa ndi zinyalala zozungulira dimba, kuti pakhale malo oyera amene ayenera kudutsa poonekera. Diwa limene agogo anu ankatchera likugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo misampha ya m'sitolo muziiika m'mbali mwa mpanda, itavundikiridwa kuti nkhuku ndi ana asaipeze. Kadzidzi timamuopa ndi kumugenda, koma usiku uliwonse amadya mbewa, ndipo mlimi amene amamuthamangitsa akuthamangitsa mlonda. Tameki wophera makoswe, wogulitsidwa m'timapepala pamsika, asayandikire dimba lanu. Mankhwala amenewa, amene dzina lake lenileni ndi aldicarb, amasungunuka m'madzi, amalowa m'mizu n'kukwera mpaka m'chipatso. Mu 1985 ku California anthu mazanamazana anadwala atadya mavwende a m'minda imene munathiridwa mankhwala omwewa. Vwende lili ndi chikhoko chokhuthala, koma sichinawateteze, chifukwa poizoniyo anali mkati.

Mdani amene amagwetsa alimi ambiri si mbalame kapena khoswe, ndi kachinthu koti simungakaone bwino ndi maso: kangaude wofiira, amene alimi a tomato amamudziwa bwino. Amabwera nyengo yotentha ndi ya fumbi, kuyambira Sepitembala mpaka mvula itagwa, nthawi yomwe sitiroberi wanu ali pakati pobereka. Poyamba mumangoona timadontho toyera kapena tachikasu pamwamba pa tsamba. Kenako tsamba limatuwa, limasanduka lofiirira, limauma m'mbali, ndipo kunsi kwake kumaoneka timaulusi topyapyala. Pofika pamenepo mwachedwa. Kuti mumupeze msanga, tengani pepala loyera la m'kope, muliike pansi pa tsamba lakale, mugogode tsambalo ndi chala. Timadontho tikagwera papepala n'kuyamba kuyenda, ndi iyeyo. Muzichita zimenezi sabata iliyonse kukangoyamba kutentha, chifukwa m'nyengo yotentha dzira lake limasanduka kangaude woikira mazira ake m'sabata imodzi kapena ziwiri zokha.

Apa ndi pamene achinyamata amathamangira sipuleya, n'kutenga cypermethrin wotsala ku tomato kapena ku chimanga. Mverani bwino. Mankhwala amtundu umenewo amapha tizilombo timene timadya kangaudeyu, monga tizikumbu tating'ono ndi akangaude ena olusa, koma iye mwini ambiri amapulumuka, makamaka mazira ake ndi amene abisala kunsi kwa masamba. Pakapita masabata awiri amachuluka kuposa kale, popeza mwamuchotsera adani ake. Mlimi amaganiza kuti mankhwala anachepa mphamvu, amawonjezera mlingo, amasakaniza ndi ena, ndipo dimba limapserera iye akupoperabe. Chothandiza ndi kuthothola masamba akale ogwidwa kwambiri, kuwaika m'thumba pomwepo n'kukawatentha kapena kuwakwirira kutali, kenako kutsuka kunsi kwa masamba otsala ndi madzi amphamvu m'mawa, kuti pofika masana akhale atauma. Kangaudeyu amadana ndi chinyezi, amakonda fumbi, ndiye ngati dimba lili m'mbali mwa msewu mangani mpanda wa udzu kumbali imeneyo, ndipo mbewu zisamve ludzu. Amayendanso pa zovala ndi m'manja. Ngati muli ndi tomato kapena nyemba pafupi, yambani ntchito ku sitiroberi, mumalizire kwinako, osati kubwerera.

Ndikufuna tiwerengere limodzi nkhani ya mankhwala a m'botolo, chifukwa apa ndi pamene pali moyo wa anthu. Pa lebulo ya mankhwala ovomerezeka pamalembedwa masiku amene muyenera kudikira kuchokera tsiku lopopera kufika tsiku lokolola. Ena ndi masiku 7, ena 14, ena kuposa. Sitiroberi wanu akufuna kuthyoledwa mkucha. Masamu amenewa sagwirizana. Mukapopera lero muli ndi njira ziwiri zokha: kutaya zipatso zonse zimene zipse m'masiku odikirawo, kapena kugulitsa poizoni. Ndipo musadzinamize kuti wogula akatsuka. Amene amagula pamsewu amatsegula m'galimoto momwemo, n'kupatsira ana kumbuyo. Ngakhale atatsuka, mankhwala olowa mkati mwa mbewu monga dimethoate sachoka ndi madzi. Munthu amene wakugulani wakukhulupirirani, ndipo sadzadziwa chimene chamutsegula m'mimba mwana wake usiku umenewo. Inu nokha ndi amene mukudziwa.

Sindikunena kuti mankhwala alibe malo. Koma malo ake ndi mbewu zisanachite maluwa, kapena nyengo yokolola itatha, ndipo akhale amene mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu wakuuzani kuti ndi oyenera mbewu imeneyi ndi chilombo chimenechi. Ku Malawi bungwe la Pesticides Control Board, limene lili ku Bvumbwe, ndi limene limavomereza mankhwala ogulitsidwa m'dziko, ndipo ovomerezeka amabwera m'botolo lake lotseka, la lebulo yowerengeka. Othiridwa m'timabotolo ta zakumwa, opanda dzina, opanda mlingo, opanda tsiku lothera ntchito, asiyeni pamsika pomwepo, ngakhale wogulitsa alumbire bwanji. Mukapopera, poperani madzulo njuchi zitapita, kopanda mphepo, mutavala zodziteteza, ndipo sipuleya musakatsukire mumtsinje.

Nsabwe za m'masamba, zimene zimaunjikana pa timasamba tanthete ndi pa mapesi a maluwa, sizifuna zonsezo. Zikakhala zochepa zifinyeni ndi zala kapena muzikokolole ndi madzi. Zikachuluka, sungunulani sopo wamba wamtanda pang'ono m'madzi, ongoti achite thovu, osati sopo waufa wochapira zovala amene amawaula masamba. Yesani kaye pa mbewu ziwiri kapena zitatu, mudikire tsiku, ndipo mupopere madzulo kunsi kwa masamba, chifukwa sopo amapha chokhacho chimene wachikhudza. Njere za nimu zosinja, pafupifupi magalamu 50 pa lita imodzi ya madzi, zonyika usiku wonse n'kusefa pa nsalu, zimathandiza pa nsabwe ndi mbozi. Nimu samera bwino kumapiri kumene kumalimidwa sitiroberi, ndiye pemphani achibale a ku Chikwawa, Nsanje kapena Salima akusungireni njere. Koma musaganize kuti chilichonse chochokera ku mtengo n'chosaopsa. Mthuthu ndi womwe uja anthu amaphera nsomba, ndipo madzi ake asafike kumtsinje. Inu a pa phiri la Zomba kumbukirani kuti damu la Mulunguzi ndi limene limamwetsa mzinda uli pansi panu. Madzi onyikamo fodya ndiye ayi ndithu pa chipatso chodya chachiwisi, poti chikonga ndi poizoni wamphamvu. Ndipo musanadandaule za nsabwe, yang'anani feteleza wanu. Urea wochuluka amabereka masamba anthete obiriwira bwino, amene nsabwe ndi kangaude amawakonda, ndi zipatso zamadzimadzi zosachedwa kuola.

Mbande ikapezeka m'mawa itadulidwa patsinde, fukulani ndi chala pafupi pomwepo. Mupeza mbozi yotuwa itadzipinda m'dothi. Mbewu ikafota dothi lili lonyowa, izuleni muone mizu. Mwina ndi mphutsi zoyera zonenepa zimene zimabwera ndi manyowa osapsa. Manyowa azipsa kaye asanalowe m'bedi.

Chida chachikulu kuposa zonse ndi kuthyola pa nthawi yake. Chipatso chopsa chimene chagona m'dimba masiku awiri owonjezera chikuitana aliyense. Thyolani m'mawa mame atangouma, nyengo yotentha tsiku lililonse, podula kaphesi ndi chikhadabo kuti kachipewa kobiriwira katsale pachipatso. Musathyole chosapsa pothawa mbalame, chifukwa sitiroberi akachoka pambewu sawonjezera kutsekemera. Muzinyamula zotengera ziwiri, china cha zabwino, china cha zojomphedwa, zoola ndi zachuku. Ichi ndi chimene ambiri amalephera: amathyola choola n'kuchiponya pakati pa mizere pomwepo. Chuku chotuwa chija n'chimene chimaulutsa mbewu yake ku zipatso zina, ndipo fungo la chipatso chosasa limakoka tizikumbu ndi tintchentche. Zoipazo zituluke m'dimba tsiku lomwelo. Zabwino muziike m'mbale zosazama, pamthunzi, osazitsuka mpaka nthawi yodya, poti sitiroberi wonyowa safika mawa. Mabedi asathithikane. Mpata wa masentimita 30 pakati pa mbewu umalola mphepo kudutsa n'kuumitsa masamba, ndipo masamba akufa muziwachotsa nthawi zonse.

Zipatso zina zofewa za pakhomo zimafuna mtima womwewo. Mtengo wa mabulosi ukapsa umasonkhanitsa mbalame za mudzi wonse. Ena amati ukakhala pafupi mbalame zimakhuta kumeneko n'kusiya sitiroberi, koma mmene ndimaonera ine, umangoziitanira pakhomo, ndipo mabulosi akatha zimatsikira m'mabedi. Bedi likhale patali ndi mtengowo, ndipo mtengo muziudulira kuti ukhale waufupi woti n'kuuphimba nthambi zingapo. Mphutsi zimene mumapeza m'mapichesi, m'magwafa ndi m'mango zimachokera ku ntchentche ya zipatso, imene imabaya khungu n'kuikira mazira mkati. Chipatso chikagwa, mphutsi zimatuluka n'kulowa m'dothi, ndipo zimadzatulukamo zili ntchentche zatsopano. Choncho kutola zakugwa tsiku ndi tsiku ndi mankhwala enieni. Zikwirireni m'dzenje lakuya kuposa theka la mita, kapena muzimange m'thumba lakuda la pulasitiki n'kulisiya padzuwa masiku angapo. Pa mtengo waung'ono mungathe kuveka zipatso timatumba ta pepala zikadali zaziwisi. Jamu ali ndi kachikwama kake komuteteza, koma ndi m'bale wa tomato, ndiye amasunga matenda ndi tizilombo ta banja limenelo. Zitsamba za minga za mulunguzi zimafalikira msanga ndipo pansi pake ndi mudzi wa makoswe. Zisayandikire mabedi anu.

Inu a m'tauni amene malo ndi ochepa muli ndi mwayi umene simuudziwa. Sitiroberi wodzala m'matumba, m'ndowa zakale zoboola kunsi kapena m'nsungwi zikuluzikulu zong'amba, n'kuikidwa pathandala, amalendewetsa zipatso m'malere, kutali ndi nkhono ndi bongololo. Miyendo ya thandala ikaima m'zitini za madzi, nyerere sizikwera. Chotsala ndi mbalame, zimene kaukonde kakang'ono kamakwanira, ndi kuthirira kosadumphitsa, poti dothi la m'thumba limauma msanga.

Mavuto ambiri amalowa m'dimba tsiku lodzala, atanyamulidwa ndi mwini dimba. Sitiroberi timachulukitsa ndi ana amene amamera pa timitsitsi toyanga pansi, ndipo mwana amatengera zonse za make: kangaude, nsabwe, matenda a mizu ndi matenda osachiritsika amene amapinimbiritsa mbewu. Mnzanu akakupatsani mbande musangolandira ndi manja awiri. Pitani mukaone dimba lake. Tengani kwa mbewu zamphamvu, za masamba osapiringizika, zimene zinabereka bwino, ndipo musankhe mwana woyamba kapena wachiwiri pa kamtsitsi. Mizu ikhale yoyera, yopanda timaundu. Chotsani masamba akale musanadzale, ndipo mbande zachilendo muziike kaye pazokha masabata awiri kapena atatu, mukuziyang'ana kunsi kwa masamba, zisanasakanikirane ndi zanu. Podzala, mtima wa mbewu ukhale ndendende ndi pamwamba pa dothi. Mukaukwirira umaola, mukausiya pamtunda mizu imauma.

Musadzale pamene pangochoka tomato, mbatatesi, mabiringanya, tsabola kapena fodya, chifukwa dothi lotero limasunga matenda ofotetsa ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu. Bedi la sitiroberi likakwanitsa zaka ziwiri kapena zitatu, zokolola zimatsika ndipo zilombo zimakhala zitakhazikika, ndiye musalimvere chisoni. Zulani, mutenthe zotsalira zodwala, musamukire pamalo ena ndi mbande zatsopano mvula yamphamvu ikamatha, cha m'Malichi kapena Epulo, pa mabedi okwera bwino kuti madzi asadikhe. Pamalo akalewo mudzalepo chimanga, anyezi kapena maluwa a marigold odzaza bedi lonse kwa nyengo yathunthu, ndipo sitiroberi asabwererepo mpaka patapita zaka zitatu.